Bedi la madzi lingathandize munthu wobanika kutulo?

Nachisale, Chilomoni: Moni abale ndi alongo pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba mwanga, paja safunsa anadya phula. Bambo akunyumba amaliza mkonono kuyambira kalekale ndipo ndinauzolowera. Koma masiku ano zafika pena. Mkonono umakwera, umakwera, kenako zii. Ndikayatsa tochi ya foni ndimaona chifuwa chikukoka, mimba ikulimbana, koma mpweya sukulowa. Pakapita kanthawi amadzidzimuka, kutsamwa, n'kupuma mwamphamvu, n'kugonanso osadziwa n'komwe kuti chachitika n'chiyani. Usiku wonse ndi zomwezo. M'mawa amadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwaa, ndipo masana akangokhala pampando ayamba kuwodzera, ngakhale kutchalitchi.

Mlamu wanga, mng'ono wawo amene ali ku Joni, akuti mabwana ake akusamuka ndipo akugulitsa bedi la madzi motchipa. Iye akuti achimwene ake akamagona pamenepo thupi lidzamasuka ndipo vutoli lidzachepa. Akufuna titumize ndalama mwezi ukatha kuti alikweze pa galimoto za katundu zodzera ku Mwanza. Alipo pano amene anagonapo pa bedi lotere? Ndalamazo ndi zomwe ndinatola kubanki m'khonde, ndiye ndikufuna ndimve kaye maganizo anu.

Mayi a Chisomo, Machinjiri: Pepani kwambiri achemwali. Koma bedi la madzi ndiye lotani? Munthu n'kugona pamadzi osanyowa?

Mbewe, Bangwe: Mayi a Chisomo, ndi thumba lalikulu la pulasitiki wochindikala, limene mumalidzaza madzi n'kulitseka. Limakhala mkati mwa bokosi la matabwa, kapena lina limazunguliridwa ndi siponji m'mbali moti ukaliona umangoti ndi matiresi wamba. Pansi pake pamakhala hita yopyapyala yotenthetsa madziwo. Ine ndinagonapo nthawi yaitali ndili ku Joni, m'nyumba imene ndinkagwiramo ntchito. Achemwali a Nachisale, ine sindinama, msana wanga sunamvepo bwino chomwecho. Palibe pamene pamakudinda, paphewa kapena m'chiuno. Nthawi yozizira kumeneko umalowa m'mabulangete n'kupeza pali kale potentha. Akale aja ankagwedezeka mnzako akatembenuka, koma ambiri a masiku ano ali ndi ulusi mkati woletsa mafunde. Ngati mtengo ndi wabwino, ine ndikuti tengani.

Bambo a Tadala, Ndirande: Achimwene a Mbewe, ine ntchito yanga ndi ya mapaipi ndi zomangamanga, ndiye ndiloleni ndiike masamu patebulo. Bedi la anthu awiri, tinene masentimita 152 m'lifupi, 203 m'litali, madzi akuya masentimita 22. Mukachulukitsa mupeza malita pafupifupi 680. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti makilogalamu 680, osawerengera matabwa ndi anthu ogonapo. M'zigubu za malita 20 ndi zigubu 34. Mayi, nyumbayo ndi yanu kapena ya lenti?

Nachisale, Chilomoni: Ndi ya lenti bambo. Pansi ndi pa simenti.

Bambo a Tadala, Ndirande: Simenti yothiridwa bwino pa nthaka ikhoza kunyamula, poti kulemerako kumafalikira malo aakulu. Vuto ndi nyumba zathu zambiri zimene pansi anangopakapo kasimenti kopyapyala, mukagogoda pamalira mphako. Ndiponso a landilodi muwauze kaye. Tsiku losamuka simunganyamule bedi limenelo, muyenera kulikhuthula lonse ndi paipi, kulipinda mosamala kuti ulusi wa mkati usaunjikane mbali imodzi, n'kukalidzazanso kumene mukupita. Ndipo likadzabooka, zigamba zake ndi zomatira zake za pulasitiki ameneyo muyenera kukhala nazo kale m'nyumba. Muwafunse alamu anuwo ngati lili ndi thumba lachiwiri lapansi lija lotchinga madzi akadontha.

Phiri wa zamagetsi, Chirimba: Ndiwonjezere za hita. Madziwo amafunika kukhala pa madigiri cha m'ma 27 mpaka 30. Akazizira amakoka kutentha kwa thupi lanu usiku wonse, mumadzuka mafupa akuphwanya. Mu Juni ndi Julaye muno mu Blantyre, chiperoni chikagwa, madzi a pampopi amakhala ozizira kwambiri. Kukweza malita 680 ndi madigiri 10 okha kumadya mayunitsi pafupifupi 8, ndipo hita ya mawati 300 ingatenge tsiku lathunthu ndi maola ena kuti ifike pamenepo. Pambuyo pake imangoyakayaka kusunga kutenthako, mwezi ndi mwezi. Chabwino chake n'chakuti madzi ambiri choncho sazizira msanga, magetsi akathima maola ochepa simungamve kusintha ngati mwafunditsa bulangete. Koma mayunitsi muziwerengera ngati gawo la mtengo wa bedilo.

Mbewe, Bangwe: Zimenezo ndi zoona, ndipo pali mankhwala othira m'madzimo kamodzi kapena kawiri pachaka kuti musamere ndere ndi fungo. Koma abale, thanzi la munthu sitiliyeza ndi mayunitsi. Ngati bamboo angagone bwino, ndalama ya magetsi ndi nkhani yaing'ono.

Sisita Nangondo, Zingwangwa: Moni nonse, ndinali pantchito ndiye ndangowerenga tsopano. Achimwene a Mbewe anena zoona kuti thanzi ndilo loyamba, n'chifukwa chake ndikupempha tisiye kaye za simenti ndi mayunitsi, tibwerere pa zimene mayi Nachisale afotokoza. Mayi, ine sindingapime munthu pafoni, koma zizindikiro mwatchulazo, kusiya kupuma, kudzidzimuka motsamwa, mutu wa m'mawa, kuwodzera masana, ndi zizindikiro za matenda amene madokotala amawatchula kuti obstructive sleep apnea. Vuto lake lili kummero. Munthu akagona tulo, minofu yonse imalefuka, kuphatikizapo lilime ndi minofu yofewa ya kumbuyo kwa kamwa. Mwa anthu ena njira ya mpweya imakhala yopapatiza kale, ndiye akamakoka mpweya imaphwatalala n'kutsekeka, monga kamachitira kapaipi kofewa komwera maheu mukakakoka mwamphamvu. Mkonono ndi phokoso la mpweya ukudutsa mopanikizika. Zii mukumumvayo ndi pamene njira yatsekekeratu. Okosijeni amatsika m'magazi, ubongo umamudzutsa pang'ono kuti mmero utseguke, n'kugonanso, n'kutsekekanso. Iyeyo amaganiza kuti wagona usiku wonse, pamene thupi lakhala likumenya nkhondo.

Kuchipatala timawerenga kupuma kukaima kapena kuchepa kwambiri kwa masekondi 10 kapena kuposa. Zikamachitika ka 5 mpaka 14 pa ola, matendawa ndi ocheperapo. Ka 15 mpaka 29 ndi apakatikati. Ka 30 kupita m'mwamba ndi aakulu. Pa ola limodzi, osati usiku wonse.

Tsopano dzifunseni, thumba la madzi limene lili pansi pa msana lingatsegule bwanji mmero? Silingathe. Likhoza kuthandiza msana ndi chiuno monga akunenera achimwene athu, koma kubanikako kudzapitirira.

Mayi a Chisomo, Machinjiri: Asisita, kumudzi kwathu munthu akamabanika usiku choncho amati pali chomukhalira pachifuwa, ndipo amathamangira kwa asing'anga kapena kumapemphero. Malemu amalume anga ankachita chimodzimodzi. Anadzagwa sitiroko ali kumunda. Mpaka lero ena pamtundu pathu amalozana zala.

Sisita Nangondo, Zingwangwa: Pepani mayi a Chisomo, ndi zowawa zimenezo. Kupemphera ndi kwabwino ndipo inenso ndimapemphera, koma kuchipatala kuzipitidwanso. Matendawa akakhala osathandizidwa amakweza BP, amalemetsa mtima, amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, ndipo amayendera limodzi ndi shuga. Nthawi zambiri tikaona munthu akumwa mankhwala a BP amitundu itatu koma BP yake osatsika, limodzi mwa mafunso ofunika ndi lakuti amagona bwanji usiku. Achibale ambiri akanasiya kulozana zala akanadziwa zimenezi.

Nachisale, Chilomoni: Mwandiopsa asisita, chifukwa a BP akumwa kale. Usiku amadzukanso kukataya madzi kangapo.

Sisita Nangondo, Zingwangwa: Musaope mayi, matendawa ali ndi chithandizo. Kudzuka kukataya madzi kumabweranso ndi matenda omwewa, komabe akayezetse shuga, ndipo ngati ali a zaka zopitirira 50 dokotala aonenso za prostate, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo. Ndifunseko, amagwira ntchito yanji?

Nachisale, Chilomoni: Amayendetsa galimoto ya kampani, kupita ku Lilongwe, nthawi zina ku Mwanza ndi ku Mulanje. Mwezi wathawu mnyamata amene amayenda nawo anandiuza mwachinsinsi kuti atadutsa pa Zalewa galimoto inayamba kulowera kumbali ya msewu, iye n'kuwakuwira. Nditawafunsa anati anangophethira.

Sisita Nangondo, Zingwangwa: Mayi, apa ndiye pali changu kuposa china chilichonse chanenedwa pano. Munthu wa matendawa amatha kugona masekondi ochepa maso ali pamsewu osadziwa. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita oposa 20 pa sekondi imodzi. Pamsewu wa M1 m'mbali muli ana asukulu, akabaza, amayi osenza katundu. Chonde sabata ino apite kwa dokotala, ndipo za pa Zalewa zikanenedwe momwe zinachitikira. Asanathandizidwe asayendetse maulendo aatali, makamaka usiku ndi masana akangodya nsima.

Dalitso, Kanjedza: Vuto ndi lakuti dalaivala akanena kuntchito kuti amasinza, amaopa kuchotsedwa. N'chifukwa chake ambiri amabisa.

Sisita Nangondo, Zingwangwa: Ndikumvetsa mchimwene wanga, mantha amenewo ndi enieni. Koma munthu amene akulandira chithandizo bwino n'kusiya kusinza amatha kupitiriza kuyendetsa. Chimene chingamulande ntchito, mwinanso moyo, ndi ngozi.

Mbewe, Bangwe: Asisita, ine sindikutsutsa za kuchipatala, apite ndithu. Koma pali mfundo imodzi ndikufuna muiganizire. Si inu nomwe mumati wa mkonono azigona chammbali? Ambiri timalephera kugona chammbali nthawi yaitali chifukwa matiresi athu a siponji anaphwa kale, phewa limagunda thabwa, dzanja limachita dzanzi, n'kutembenuka kugona chagada. Pa bedi la madzi phewa ndi chiuno zimalowa bwinobwino. Ndiye kodi silingathandize mwa njira imeneyo?

Sisita Nangondo, Zingwangwa: Mfundo yanu ili ndi mutu achimwene. Anthu ambiri amabanika kwambiri akagona chagada, poti lilime limagwera kumbuyo, ndiye chilichonse chothandiza munthu kukhala chammbali n'chabwino. Pulasitiki uja ndi wosavutanso kupukuta, sasunga fumbi ngati siponji yakale, zomwe zingapepuze munthu wa chimfine cha fumbi amene mphuno zimamutsekeka. Koma zonsezi matiresi atsopano olimba bwino, chivundikiro chochapika ndi pilo wabwino zingachitenso, pa mtengo wochepa. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene bedi la madzi limakulandani. Njira ina yothandiza wobanika ndi kukweza mbali ya kumutu kuti agone motsamira, kuyambira m'chiuno kupita kumutu. Pa bedi wamba mumaika njerwa kapena matabwa pansi pa miyendo ya kumutu, kapena chotsamira chopendekeka pansi pa matiresi. Bambo a Tadala, tiuzeni, bedi la madzi mungalikweze mbali imodzi?

Bambo a Tadala, Ndirande: Ayi ndithu. Madzi amafuna levulo basi. Mukakweza kumutu onse athamangira kumiyendo, msana ugunda thabwa, ndipo kulemera konse kukankha thabwa la kumapazi ndi msoko wa thumbalo. Malo oikapo bedi lotere timachita kuyeza ndi levulo kuti akhale ofanana mbali zonse.

Mbewe, Bangwe: Mukhoza kuika chotsamira pamwamba pake.

Bambo a Tadala, Ndirande: Mukhoza, koma pansi pake ndi pofewa, munthu wathupi akatsamira chimamira ndipo kupendekeka kuja kumachepa.

Aphunzitsi Nabanda, Soche: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mbiri ya bedili ikugwirizana ndi zimene asisita akunena. M'zaka za m'ma 1830 dokotala wa ku Scotland, Neil Arnott, anapanga bedi la madzi lothandiza odwala ogonera nthawi yaitali kuti asatuluke zilonda pamsana ndi m'matako. Limene tikulidziwa leroli analipanga Charles Hall mu 1968, ali wophunzira ku San Francisco. Linatchuka kwambiri ku America moti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pa matiresi asanu alionse ogulitsidwa, pafupifupi amodzi anali a madzi. Kenako anthu anayamba kulisiya chifukwa cha kulemera, kudontha, kuvuta posamuka, eni nyumba ambiri kulikana, komanso kubwera kwa masiponji atsopano ofewa bwino. Kuyambira pachiyambi ntchito yake inali yochepetsa kudindika kwa khungu ndi mafupa. Za mmero sizinali m'maganizo a olipanga. Ndikanakhala ine ndikanafunsanso zaka za bedi la mabwanawo, chifukwa pulasitiki akakalamba amauma n'kuyamba kung'ambika m'misoko.

Mayi a Chisomo, Machinjiri: Nanga ana? Ife timagona ndi makanda pabedi limodzi.

Sisita Nangondo, Zingwangwa: Mwafunsa bwino kwambiri mayi. Khanda lisagonekedwe pa bedi la madzi ngakhale pang'ono, ngakhale masana. Nkhope imamira m'pofewamo, mwana sangathe kudzitembenuza, ndipo akhoza kubanika. Pamakhalanso mpata pakati pa thumba ndi thabwa pamene kamwana kangapanikizike. Khanda ligone chagada, pamalo olimba ndi osalala, m'neti.

Nachisale, Chilomoni: Mdzukulu wanga wa miyezi isanu amaswera kwathu mayi ake akapita kuntchito, ndipo ndimamugoneka pabedi pathu pomwepo. Izi zokha zandikwanira. Koma abale, ngati si bedi, chithandizo chenicheni n'chiyani?

Bambo a Yamikani, Nyambadwe: Mayi, ndiloleni ndiyankhe monga munthu amene ndili ndi matenda omwewa. Sindikonda kulemba pagulu, koma nkhani yanu ndi ya m'nyumba mwanga ndendende. Ine ndinkagona pamisonkhano ya kuntchito, anzanga n'kumati ndimachezera mowa, chonsecho sindilawa n'komwe. Mayi akunyumba anafika posamukira kuchipinda cha ana. Dokotala atamva nkhani yanga anandiyezetsa tulo. Umagona ndi kachipangizo, kachubu kakang'ono pamphuno, lamba pachifuwa ndi kena pachala koyeza okosijeni. M'mawa amaona kuti kupuma kunaima kangati. Anga anapezeka aakulu.

Ndimagwiritsa ntchito makina otchedwa CPAP. Ndi kabokosi kokhala pa katebulo ka pambali pa bedi, kali ndi chubu chofika ku chophimba cha pamphuno. Simuli okosijeni mmenemo monga ambiri amaganizira, ndi mpweya wa m'chipinda womwewu umene makinawo amaukankha pang'onopang'ono kuti mmero usatsekeke. Sindikubisirani, masabata oyamba ndi ovuta. Chophimba chimakudinda pamphuno, mpweya umathawira m'maso, mphuno zimauma, pakati pa usiku umapeza wachivula osadziwa. Ndinasintha mtundu wa chophimba n'kupeza chondikwana, ndipo pamenepo zinthu zinayamba kuyenda. Mutu wa m'mawa unatha, kudzukadzuka kunachepa, BP inayamba kumvera mankhwala, ndipo mayi anabwerera kuchipinda. Chophimba ndimachitsuka ndi sopo wofewa, ndipo kasefa ka fumbi ndimakayang'ana pafupipafupi, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala fumbi likachuluka.

Makinawa ndi odula, limenelo ndi vuto lenileni kwa ife kuno. N'chifukwa chake mtima unandipweteka nditawerenga kuti ndalama yanu ya banki m'khonde ipite ku bedi, kulipira oyendetsa katundu, ndi msonkho wa pachipata. Isungeni, mudzaifuna.

Dalitso, Kanjedza: Nanga magetsi akathima pakati pa usiku, munthu sabanika m'chophimbamo?

Bambo a Yamikani, Nyambadwe: Ayi. Chophimba chili ndi timabowo totulutsira mpweya, ndipo zophimba mphuno ndi pakamwa pamodzi zili ndi kachitseko kotseguka kokha makina akaima. Umangodzuka n'kuchivula. Koma usiku umenewo umagona ngati kale, ndiye ndinagula batire ndi inveta.

Phiri wa zamagetsi, Chirimba: Ndipo apa masamu ndi okoma kuposa a hita. CPAP yambiri, mukathimitsa mbali yotenthetsa madzi onyowetsa mpweya, imadya mawati osapitirira 60, nthawi zambiri ochepera pamenepo. Batire yabwino ya sola ikhoza kuiyendetsa usiku wonse. Ena mwa makinawa ali ndi chingwe cholumikiza ku batire mwachindunji popanda inveta, ndipo njira imeneyo imasunga moto.

Sisita Nangondo, Zingwangwa: Zikomo bambo a Yamikani, mawu a munthu amene wadutsamo amalowa kuposa athu. Njira yothandiza matendawa ndi CPAP inayamba ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, amene anaifalitsa mu 1981, ndipo mpaka lero ndiyo chithandizo chachikulu cha matenda apakatikati ndi aakulu. Kwa ife a mu Blantyre si chinthu chachilendo kwenikweni. Amayi amene ana awo anabadwa masiku asanakwane ku Gulupu mwina anaona makina a Pumani, amene anapangidwa mogwirizana ndi yunivesite ya Rice ya ku America. Nawonso amakankha mpweya pang'onopang'ono, ngakhale kuti a makanda ndi osiyana ndi a akuluakulu.

Si aliyense amafunika CPAP. Ena a matenda ocheperapo amathandizidwa ndi chovala cha m'kamwa chokokera chibwano kutsogolo. Ena vuto ndi mphuno yotsekeka kapena matonsi aakulu, ndiye a ENT, madokotala a khutu, mphuno ndi mmero, amaona chochita, ndipo ku Gulupu alipo. Yambani ndi dokotala amene amawaona za BP, iye akulozerani koyenera.

Podikira, pali zimene mungayambe usiku uno. Mowa madzulo ayi, chifukwa umalefula minofu ya kummero. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam asamwe popanda dokotala amene akudziwa za kubanikaku, ndi oopsa kwa munthu wotere. Fodya amatupitsa njira ya mpweya. Ndipo thupi likakhala lalikulu, kuchepetsa kumathandiza zenizeni. Munthu akachepetsa gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kubanika kumatha kutsika ndi pafupifupi kotala. Tengani tepi ya atelala muyeze khosi lawo. Mwa abambo, masentimita 43 kupita m'mwamba ndi chizindikiro choti chiopsezo n'chachikulu.

Aphunzitsi Nabanda, Soche: Za kugona chammbali, kwathu tinasokera kathumba kumsana kwa tisheti yakale n'kuikamo mpira wa tenesi. Ukafuna kugona chagada umakudinda, umatembenuka wekha osadzuka. Pamene mpira palibe, chitsononkho chouma chokulunga m'kansalu chimagwira ntchito yomweyo.

Mayi a Pempho, Chilobwe: Pepani ndalowerera. Mwana wanga wa zaka 6 amaliza mkonono ngati wamkulu, amagona kukamwa kuli yasa, amakodza pogona, ndipo aphunzitsi akuti sakhazikika m'kalasi. N'zomwezi kodi?

Sisita Nangondo, Zingwangwa: Zikhoza kukhala zomwezo mayi. Mwa ana chifukwa chachikulu chimakhala matonsi ndi tinthu tina tofanana nawo ta kumbuyo kwa mphuno tikakula kwambiri. Ana sawodzera ngati akulu, ambiri amangokhala osakhazikika. Pitani naye akamuone kummero, ndipo musamukalipire za kukodzako.

Nachisale, Chilomoni: Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo ndinawawerengera bambo zonse zimene munalemba. Poyamba anakwiya kuti ndatulutsa za kuchipinda, n'kumati mwamuna aliyense amaliza mkonono, bambo awonso ankatero. Sindinakangane nawo. Atagona ndinaika foni pafupi n'kujambula. M'mawa uno tikumwa tiyi ndinawatsegulira. Pofika pamalo pamene mkonono waduka, anaika kapu pansi n'kumadikira kuti munthuyo apuma liti. Anandifunsa kawiri ngati alidi iwowo. Khosi ndayeza, ndi masentimita 45. Avomera kupita kwa dokotala Lachinayi, ndipo ulendo wa ku Lilongwe wa mawa apempha mnzawo kuti awagwirire. Mnyamata wathu waika njerwa ziwiriziwiri pansi pa miyendo ya kumutu.

Chondivuta tsopano ndi mlamu wanga. Wakhumudwa, akuti anawachonderera mabwana ake kuti asagulitse kwa wina.

Bambo a Tadala, Ndirande: Njerwazo zikhale zootcha komanso zogona chafulati mayi, ndipo muike kathabwa pamwamba kuti mwendo wa bedi usaterereke. Muonenso kuti neti ikufikabe pansi pa matiresi mbali yokwezedwayo.

Mbewe, Bangwe: Achemwali, alamu anuwo musawaone molakwika. Munthu ukakhala kutali n'kumva kuti m'bale wako akudwala, umagwira chilichonse chimene chili pafupi. Atumizireni zimene mwajambulazo amve okha. Ine za bedi la madzi ndikadali nazo mtima pa nkhani ya msana, ndipo tsiku lina ndikadzamanga yangayanga ndidzaligula. Koma mtima umene ali nawo mlamu wanuyo muugwiritse ntchito. Ku Joni makina a CPAP amapezeka, ndipo iye ali komweko. M'malo mwa bedi, ayambe kufufuza mitengo.

Nachisale, Chilomoni: Zikomo achimwene, ndimutumizira madzulo ano. Ndimuuze agule akapeza otchipa?

Sisita Nangondo, Zingwangwa: Afufuze mitengo koma asagule kaye mayi. Dokotala ayambe waona bambowo ndi zotsatira za kuyeza, chifukwa mphamvu ya mpweya imatcheredwa malinga ndi munthu, ndipo ogulitsa ambiri amafuna kalata ya dokotala. Pali makina ena otchedwa auto amene amasintha mphamvu okha usiku, dokotala ndiye anene ngati ali oyenera. Lachinayi mupite nawo, mutenge foni ili ndi zojambulazo, buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa. Muuzenso dokotala ngati miyendo imatupa kapena ngati amabanika akangogona pansi asanagone tulo, poti zimenezo zimafuna kuyeza mtima.

Bambo a Yamikani, Nyambadwe: Nthawi yogula ikadzafika, makina ogwiritsidwapo kale ntchito afunse maola amene ayenda, amaoneka pa makinapo. Chophimba ndi chubu zikhale zatsopano, ndipo chophimba chili ndi masaizi, ndiye bambo ayezedwe mphuno asanaitanitse. Atumizirenso tisefa tapadera tokwanira chaka.

Phiri wa zamagetsi, Chirimba: Mphamvu ya magetsi ku Joni ndi kuno ndi imodzi, mavoti 230, ndiye makinawo ayaka popanda vuto. Kusiyana kuli pa pulagi, yawo ili ndi mano obulungira pamene masoketi athu ndi a mano atatu amakona. Akadzafika mundiimbire ndidzakusinthireni chingwe, osakakamiza pulagiyo m'soketi.